Midzi Imene Ndinagwamo

Sindidziwa kuwerenga zaka monga amachitira anzanga. Munthu wa khunyu amataya nthawi pang'onopang'ono, pano mphindi, apo theka la tsiku, mpaka moyo wake umakhala ndi mipata ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe. Choncho musandifunse kuti chinali chaka chanji. Chimene ndimakumbukira ndi malo, ndi anthu amene ndinkawapeza ataima pamutu panga ndikatsitsimuka.

Malo oyamba anali mudzi wa m'mbali mwa dambo, kumene ndinabadwira. Ndinagwa koyamba nditangotha msinkhu, ndikuchokera kuchigayo ndi dengu la ufa pamutu. Ndinamva fungo la tsitsi lopsa, chonsecho panalibe moto paliponse. Pamene ndinkatsegula maso, ufa unali mbwee mumsewu, nkhuku zikujompha, ndipo anthu anali ataima patali atandizungulira. Panalibe anandiyandikira. Kwathu ankati thovu la munthu wakugwa likakukhudza, nawenso uyamba kugwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi mbale yangayanga ndi kapu yangayanga, zoyanikidwa pazokha kumapeto kwa thandala.

Anandiletsa moto, anandiletsa chitsime, anandiletsa mtsinje. Mtsikana amene saphika ndiponso satunga madzi amasanduka mlendo pakhomo pa amayi ake. Amene anandiganizira anali amalume anga, a Chikaonda, oluka mikeka. Tsiku lina anandiitanira pamthunzi pawo n'kundiponyera mtolo wa mlaza.

"Khala apa, mphwanga," anatero. "Ntchito iyi ndi yapansi. Ukagwa, ugwera pafupi."

Anandiphunzitsa kung'amba mlaza ndi chikhadabo, kuunyowetsa kuti usathyoke, kuluka mizere yaitali ndi kuilumikiza kuti msoko usaoneke. Ndikagwa, iwo ankangosuntha mpeni, n'kudikira. Ndikadzuka ankandiloza pamene ndinalekezera. Mikeka yanga inkayenda malonda mpaka anthu atadziwa manja amene ankailuka. Kenaka amalume anadwala chifuwa, ndipo nyengo ya mvula isanathe tinawaika. Pamthunzi paja panatsala ine ndekha. Ndinapinda mikeka isanu n'kutsata msewu umene magalimoto ankalowera.

Malo achiwiri anali tauni ya pamphambano, ya masitolo a makhonde aatali ndi fumbi lofiira. Kumeneko ndinagwa tsiku la msika, kutsogolo kwa khonde la telala. Nditatsegula maso, anthu anali ataima patali monga kwathu, koma pansi pa mutu wanga panali zidutswa za nsalu, ndipo mwamuna wina anali atanjuta pambali panga ndi tepi yoyezera m'khosi. Dzina lake anali Layisoni.

"Mwabwerako, achemwali?" anandifunsa, ngati ndinali nditangopita kuseri kwa nyumba.

Ndiye ananditengera kuchipatala. Pamzere panali anthu ambiri, ndipo wachipatala amene anandiona analibe nthawi yodzutsa mutu. Anandifunsa mafunso atatu, n'kundilembera mapiritsi ofiirira, limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Ndinamwa, ndipo kugwa kunatha. Chilimwe chinadutsa, dzinja linadutsa, chilimwe china chinabwera, ine ndili chilili. Layisoni anandiphunzitsa kupalasa makina, kudula nsalu motsata ulusi wake, kuika mabatani ndi kusoka kolala ya yunifolomu. Anthu ankavala zimene ndasoka osafunsa kanthu. Tinakwatirana. Tsiku limene ndinakoleza moto ndekha m'khitchini mwanga, ndinakhala nthawi yaitali ndikungouyang'ana.

Nditaima, ndinayamba sikelo monga amayi onse. Chipatalacho chinali ndi makomo awiri. Khomo lakum'mawa ndi limene ndinkalandirirako mapiritsi a khunyu, ndipo kumeneko sankayang'ana mimba. Khomo lakumadzulo linali la sikelo, kumene ankandiyeza ndi kumvetsera mtima wa mwana, koma sanandifunsepo ngati pali mankhwala amene ndinkamwa. Inenso sindinadziwe kuti ndi nkhani yoti n'kuinena.

Mwana anabadwa m'mawa, wamwamuna, nkhope ya bambo ake. Kenaka mzamba anamutembenuza. Kumunsi kwa msana kunali chotupa chotseguka, chofiira, ndipo timiyendo take sitinkagwedezeka. Anayamwa bwino masiku oyamba. Kenaka thupi linatentha, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi anapita, asanalandire dzina. Anakamuika amayi okhaokha, monga mwa mwambo wa makanda.

Apongozi anga anati, "Tinanena ife kuti matenda amenewa sabereka chabwino." Ena ankanong'ona za ufiti. Mayi wina amene tinagona naye wodi imodzi anandiuza motsitsa mawu kuti mwina ndi mankhwala aja. Layisoni sananene choipa chilichonse. Anangoti, "Tidzayesanso, amayi." Koma ine ndikamuyang'ana ndinkaona nkhope ya mwana uja. Ndinataya mapiritsi onse m'chimbudzi, ndipo tsiku lina iye atapita kukagula ulusi, ndinatseka chitseko n'kuika kiyi pansi pa mwala. Sindinamulakwire munthu wina aliyense kuposa mmene ndinamulakwirira iyeyo.

Ndinayenda cholowera kumapiri, kumene msewu unasanduka njira, njira n'kusanduka kanjira ka mbuzi. Patangopita masiku ochepa chisiyireni mapiritsi, matenda anabwerera ngati anali kundidikira pakona. Tsiku lina ndinagwa katatu dzuwa lisanapendeke. Ulendo wachitatuwo ndinatsitsimukira m'munda wa nthochi, mayi wina wamtali, wa mapewa ngati mwamuna, akundithira madzi kumaso. Anali a Nagama, amasiye, amene ankalima chimanga kumtunda ndi chamba m'khwawa lobisika.

"Kugwa kokhako?" anatero nditawafotokozera. "Mwafika pamankhwala. Chamba chimachiza mphumu, chimachiza nyamakazi, chidzalephera bwanji zanuzi?"

Ndinakhala nawo nyengo zingapo. Anandiphunzitsa kusiyanitsa chomera chachimuna ndi chachikazi, kuzula zachimuna zisanachite maluwa, kudula nsonga zikayamba kumata m'manja, kuziyanika pamthunzi osati padzuwa, ndi kuzikulunga zolimba m'makoko a nthochi. Amuna osalankhula ankabwera kudzasenza mitolo n'kutsika nayo njira zawozawo. M'mawa a Nagama ankandiphikira masamba ngati tiyi, ndipo pambuyo pake ndinaphunzira kusuta.

Sindinama, chinandithandiza pa chinthu chimodzi. Chisoni chija chinasunthira kutali, ngati munthu amene waima kutsidya kwa mtsinje, ukumuona koma mawu ake osakufika. Ndinayambanso kudya ndi kugona. Ndinkawauza a Nagama kuti kugwa kwachepa, iwo n'kumasangalala. Zoona zake n'zakuti ndinali nditangosiya kuwerenga. Ndinkadzuka ndi lilime lolumidwa, zovala zonyowa, osadziwa ngati ndi tsiku lomwelo kapena lina. Masiku analowana. Nthawi zina ndinkaima m'khwawa muja ndi mpeni m'manja, osakumbukira chimene ndadzera.

Masana ena, a Nagama ali kumunda, ndinagwera pamoto ndikuwiritsa madzi. Mkono wanga wamanzere unakhala pamakala mpaka iwo atamva fungo n'kuthamanga. Anandisamala milungu yambiri, kutsuka balalo ndi madzi amchere, osalankhula zambiri. Litayamba kuuma, anakhala pansi pafupi nane.

"Mwana wanga, ndinakunamizani osadziwa," anatero. "Chamba chakuchotserani misozi, koma matenda chawasiya pomwe analili. Mukakhala kuno ndidzakupezani mutafa. Tsikani."

Anandiperekeza mpaka pamene kanjira kanakumana ndi msewu, n'kubwerera osacheuka.

Malo otsatira anali mzinda waukulu, wa chipatala cha nyumba zosanjikizana. Ndinapitako chifukwa cha mkono, umene unali utapindika osatambasukanso. Oona za zilonda atamva mmene ndinapsera, ananditumiza kwa dokotala wa matenda a ubongo, mayi wa imvi zoyambirira, a Dokotala Nyirongo. Iwowa anadzutsa mutu. Anandifunsa mmene kugwa kumayambira, zimene ndimamva kusanachitike, zimene ndinamwapo. Kenaka anafunsa funso limene panalibe anandifunsapo.

"Munakhalapo ndi pakati, mayi?"

Ndinawauza zonse, za makomo awiri, za msana wa mwana, za masiku asanu ndi anayi. Anatsegula kabati n'kuyala mapiritsi amitundumitundu pachikhatho chawo. Ndinaloza lofiirira.

"Mankhwala awa ndi amphamvu, amaletsa kugwa bwino kwambiri," anatero. "Koma mayi akamamwa miyezi yoyambirira ya mimba, ana ena amabadwa msana usanatsekeke. Si onse ayi. Ambiri amabadwa abwinobwino, ndipo vuto lomweli limagweranso amayi amene sanamwepo kalikonse. Choncho sindingalumbire kuti ndi iwowa. Koma ndikuganiza kuti ndi iwowa."

"Ndiye ndinamupha ndine."

"Ayi. Inu munamwa zimene munapatsidwa. Mukanasiya panokha muli ndi pakati, mwina mukanagwa koopsa n'kupita nonse awiri. Chimene chinasowa ndi munthu woti akufunseni musanaime, akusinthireni ena, akupatseninso timapiritsi toteteza msana wa mwana. Munthu ameneyo panalibe."

Ndinalira m'chipinda chimenecho misozi yonse imene chamba chinandisungira. Iwo anatseka chitseko n'kundisiya ndilire, ngakhale kunja kunali mzere.

Ulendo wina ndinawafunsa za chamba. Sanandikalipire. Anati m'mayiko ena amatenga mafuta m'chomeracho, atachotsa chimene chimaledzeretsa, n'kumapatsa ana a mtundu wina wa khunyu yovuta, moyeza ndi madontho, ndipo ena zimawathandiza. "Koma zimenezo si zimene munkasuta m'phiri," anatero. "Utsi ulibe muyeso. Ndipo chimene umachita kwa mwana amene ali m'mimba, tikudziwa pang'ono chabe, ndipo pang'onopo sipabwino."

Anandipatsa mapiritsi ena, oyera. Kugwa kunachepa mpaka kamodzi kapena kawiri pachaka. Nditalimba, anandiuza za kafukufuku wawo. Ankafuna kutsata amayi a khunyu kuyambira ataima mpaka mwana atayamba kuyenda ndi kulankhula, kuti adziwe mankhwala amene akuwayanja kuno kwathu. Vuto linali lakuti amayiwo ankabisala. Akaona galimoto yoyera ankalowa m'nyumba, achibale n'kumati kuno kulibe wodwala.

"Ife satiuza," anatero a Dokotala. "Inu angakuuzeni."

Umu ndi mmene ndinaphunzirira ntchito yofunsa. Ndinaphunzira kufotokoza kafukufuku yense ndisanatulutse cholembera, ndi kuuza mayi kuti ali ndi ufulu wokana ndipo akakana chipatala sichimutaya. Ndinaphunzira kuti ukafunsa funso usalithamangire kuliyankha wekha. Ndinaphunziranso kuphunzitsa a pakhomo: munthu akagwa mumuchotse pamoto ndi pamadzi, muike chofewa pansi pa mutu, musamuike kanthu m'kamwa, musamupanikize, akasiya kunjenjemera mumugoneke chammbali, ndipo thovu lake silipatsira munthu. Ndinayenda midzi yambiri, pakabaza, pangolo, wapansi. Midzi yonse inkafanana. Paliponse panali mbale yoyanikidwa payokha, ndipo ndikaiona sindinkafunsanso njira.

Mudzi umene ndikufuna kukuuzani unali m'mbali mwa dambo, wofanana ndi kwathu mpaka ndinayembekezera kumva wina akunditchula dzina. Kumeneko kunali mtsikana wina, Felesiya, wa pakati pa miyezi isanu. Ankamwa mapiritsi kuyambira ali wamng'ono, koma atamva kuchitsime kuti mankhwala a khunyu amalumaza ana, anasiya osauza munthu. Tsopano ankagwa sabata iliyonse. Mwamuna wake anali kunja kukagwira ntchito, ndipo apongozi ake, a Nachisale, ankamuphikira masamba a chamba kuti mtima ukhale pansi.

Ndinamupeza atakhala pakhonde akutola miyala mu mpunga. Ndinafotokoza zonse monga ndinaphunzirira. Iye sanasiye kutola.

"Ndiye mukufuna mundilembe," anatero, "kuti mudzaone ngati mwana wanga adzabadwe wolumala."

"Zimenezonso zilimo," ndinayankha. "Sindingakubisireni."

"Musandilembe."

"Chabwino, sindikulembani. Koma kuchipatala kokha tiyeni, akaone mtundu wa mapiritsi amene munkamwa. Si onse amene ali ofanana. Kugwa kumene mukugwaku nakonso kungamupweteke mwanayo."

"Inu mumalipidwa kuti muzinena zimenezo."

Ndinamuuza za mwana wanga. Anamvetsera, koma nkhope yake inalimba kwambiri, chifukwa nkhani yangayo inkangotsimikiza zimene ankaopa. Ndinaona kuti ndalephera. Ndinapempha kuti ndingowaphunzitsako a pakhomo zochita iye akagwa. A Nachisale anaitana anansi awiri, ndipo anakhala chapatali ndithu, manja ali m'zitenje. Ndinanena zonse, za moto, za kamwa, za kugoneka chammbali. Felesiya ankaoneka ngati sakumva.

Ndikuimirira kuti nditsazike, fungo lija la tsitsi lopsa linabwera. Panali patapita miyezi yambiri lisanandipeze. Ndinafuna kukhala pansi koma sindinakwanitse.

Nditatsegula maso, a Nachisale ndi anansi aja anali ataima kumpanda. Ine ndinali chigonere chammbali, pansi pa mutu wanga pali chitenje chopinda, ndipo Felesiya anali atagwada, mimba yake itatsamira paphewa panga, akundipukuta kukamwa ndi dzanja lake lenilenilo.

"Kodi inenso ndimatero?" anafunsa.

"Ndikuganiza choncho. Mwaona chiyani?"

"Munakuwa kamodzi. Munauma ngati mtengo, kenaka munayamba kugwedezeka. Milomo inada. Ndinaganiza kuti mwafa. Kenaka munapuma mwamphamvu, n'kugona. Sizinatenge nthawi. Madzi sakanawira n'komwe. Ine ndimayesa zimatenga tsiku lonse, mmene amandithawiramo."

Anayang'ana dzanja lake lonyowa, n'kulipukuta pachitenje. Kenaka analoza mwala wonolera mipeni umene unali pafupi ndi khonde.

"Munagwa chafufumimba, pamwala uwo," anatero. "Simunadziteteze ndi manja ngakhale pang'ono."

"Sitidziteteza."

Anaika dzanja pamimba pake. Usiku umenewo ndinagona pakhomopo. M'mawa ndinamupeza atasamba kale, atavala nsapato, kabotolo kake kakale ka mapiritsi kali m'manja. A Nachisale anamubweretsera kapu ya masamba aja, iye n'kuiika pansi osamwa.

"Amayi, ndikamve kaye," anatero.

Tinayenda mpaka kumsewu, tinakwera galimoto, tinafika kwa a Dokotala Nyirongo dzuwa litapendeka. Anayang'ana botolo lija n'kumuuza kuti ake sanali a mtundu umene ndinkamwa ine, ngakhale palibe mankhwala amene angawalumbirire kotheratu. Anamuyambitsanso pang'onopang'ono, anamuunika m'mimba, anamuonetsa msana wa mwana pakanema, mzere woyera wosadukiza. Atatha zonse anamufunsa mwaulemu ngati angalole kulowa m'kafukufuku.

"Ayi," anatero Felesiya. "Mapiritsi ndimwa. Koma mwana wanga asakhale wa m'mapepala."

A Dokotala anavomera ndi mutu, n'kumulembera tsiku lodzabweranso.

Sinali ntchito yanga kubwereranso kumudzi umenewo, koma ndinkapatukirako ndikamadutsa. Felesiya anagwanso kawiri asanabereke, ulendo wina ali pamkeka, ulendo wina a Nachisale anamugwira asanafike pansi. Anabereka mwana wamkazi nthawi yokolola.

Kafukufuku uja anatha patapita zaka. A Dokotala anandiitana n'kundionetsa mapepala ake, odzaza manambala, m'chilankhulo chimene sindiwerenga. Anandimasulira zimene anapeza, ndipo anati tsopano kusikelo azifunsa mayi aliyense ngati pali mankhwala amene amamwa. Potsazikana anandifunsa za mtsikana uja anakana.

"Za iye uja sitidzadziwa," anatero.

"Ine ndikudziwa," ndinawayankha.

Mwana wa Felesiya dzina lake ndi Tafika. Anachedwa kulankhula, ndipo sindinganene ngati ndi mapiritsi, kapena kugwa kuja, kapena masamba a agogo ake, kapena ndi mmene analengedwera basi. Tsopano amalankhula mpaka amayi ake amamupempha kuti apume. Ulendo womaliza umene ndinadutsako anandithamangira kumsewu, anandilanda chikwama, n'kundifunsa kumene ndikupita. Ndinamuuza kuti sindinadziwebe. Iye anati ndiye ndiyambe ndadya, ndipo anatsogola.